Walker, katswiri wakuda amene America idamuiwala

Anthu ambiri ku America amakhulupirira kuti munthu wakuda woyamba kusewera baseball m'ligi yaikulu ya dzikolo ndi Jackie Robinson, yemwe adalowa m'timu ya Brooklyn Dodgers pa 15 April 1947. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti zaka 63 m'mbuyomo, mnyamata wina wakuda, Moses Fleetwood Walker, adali atapondamo kale m'ligi yotere.

Pa baseball, wosewera mmodzi amaponya kampira kolimba mwamphamvu ndipo mdani wake amakamenya ndi ndodo yokhala ngati chibonga. Kumbuyo kwa womenyayo kumanjuta mnzake wa woponya, yemwe amawakha mpira ukaphonyedwa, komanso amauza woponyayo kaponyedwe koyenera pomupatsa zizindikiro ndi zala. Iyi ndiyo idali ntchito ya Walker, ndipo masiku amenewo idali ntchito yoopsa chifukwa zodzitetezera zidali zochepa. Kuthyoka zala sikudali kwachilendo.

Walker adabadwa pa 7 October 1856 ku Mount Pleasant m'chigawo cha Ohio, ukapolo usadathe m'zigawo zakummwera kwa dzikolo. Bambo ake adali dokotala komanso m'busa, choncho mwanayu adapita patali ndi sukulu. Adaphunzira ku Oberlin College kenako ku University of Michigan, ndipo konseko ankasewera baseball.

Adakumana ndi mavuto atangolowa m'timu ya Toledo Blue Stockings m'chaka cha 1883. Mu August chaka chomwecho, timu ya Chicago idabwera kudzasewera masewero opimana mphamvu, koma mtsogoleri wake Cap Anson, katswiri wotchuka kwambiri panthawiyo, adati anyamata ake sangalowe m'bwalo limodzi ndi munthu wakuda. Tsikulo Walker amayenera kupuma kaamba kovulala dzanja, koma mphunzitsi wa Toledo Charlie Morton atamva zimenezi adamulowetsa dala. Anson ataona kuti ataya ndalama zapachipata, adagonja n'kusewera.

Chaka chotsatira Toledo idakwera m'ligi yaikulu ya American Association, ndipo pa 1 May 1884 Walker adasewera masewero ake oyamba ku Louisville. Adani sadali ochemerera matimu ena okha. Woponya wa timu yake yomwe, Tony Mullane, adadzaulula patapita zaka kuti sankalabadira zizindikiro za Walker chifukwa sankafuna kulamulidwa ndi munthu wakuda, ankangoponya momwe wafunira. Tangoganizani kuwakha mpira wobwera ngati chipolopolo osadziwa mbali yomwe ukhotere! Komatu Mullane yemweyo adavomereza kuti Walker adali wowakha waluso kuposa onse omwe adasewera nawo.

Timuyi ili pafupi kukasewera ku Richmond, Morton adalandira kalata yoopseza kuti amuna 75 akonzeka kumuchita chipongwe Walker akangooneka m'bwalo. Apa n'kuti atathyoka kale nthiti mu July, ndipo mu September timuyo idamuchotsa ntchito. Adasewera masewero 42 okha m'ligi yaikulu. Mng'ono wake Weldy adasewerako masewero 5 m'timu yomweyo.

Ofufuza mbiri adapezanso William Edward White, mwana wa mzungu ndi mayi kapolo, yemwe adasewera tsiku limodzi ku Providence mu 1879. Koma ameneyu anthu ankamuyesa mzungu, pomwe Walker sadabise mtundu wake.

Walker adapitiriza m'maligi ang'onoang'ono. Mu 1887 adali ku Newark pamodzi ndi woponya wakuda George Stovey, ndipo pa 14 July, Anson uja atabwera ndi timu yake, onse awiri sadasewere. Tsiku lomwelo eni matimu a International League adagwirizana zosiya kulemba osewera akuda atsopano. Walker adakakamirabe ku Syracuse mpaka 1889. Atachoka iye, m'ligiyo simudaonekenso munthu wakuda mpaka Robinson adasewera ku Montreal mu 1946.

Moyo wake atasiya masewero udali wokwera ndi wotsika. Mu 1891 adabaya mzungu wina ndi mpeni pandewu ndi gulu la azungu ku Syracuse ndipo munthuyo adamwalira, koma khoti, momwe ogamula onse adali azungu, lidamupeza wosalakwa. Mu 1898 adamangidwa pamlandu wakuba makalata ndipo adakagwira ukaidi. Atatuluka adayendetsa nyumba yoonetseramo zisudzo ndi kanema ku Cadiz, Ohio, ndipo adapanga zipangizo zothandiza poonetsa kanema zomwe boma lidazilembetsa m'dzina lake.

Mtima wake, komabe, udali utasweka. Mu 1908 adalemba buku lotchedwa Our Home Colony, momwe adati azungu a ku America sadzalola kukhala mofanana ndi anthu akuda, choncho akudawo angobwerera ku Africa. Awa adali maganizo a munthu wophunzira, yemwe adatsata zonse zomwe dziko lake limafuna koma n'kutsekeredwabe chitseko. Iye mwini sadasamuke. Adamwalira ku Cleveland pa 11 May 1924 ali ndi zaka 67, Jackie Robinson ali kamwana ka zaka 5.