Mafilimu Oopsa: Tiwaletse Ana Athu Kapena Tiwaphunzitse?

Wolemba Mtolankhani Wathu

Munthu woyenda madzulo pa msika wa Zalewa kapena wa Lisungwi, m'boma la Neno, sangalephere kumva phokoso lochokera m'tinyumba ta vidiyo. Pakhomo pali chinsalu, m'kati muli mabenchi, ndipo anyamata ndi ana a sukulu akhala mothithikana, maso onse ali pa kanema. Mafilimu a nkhondo ndi a karate amaonedwa ndi mfuu, koma ulipo mtundu wina umene umachititsa chipinda chonse kuti zii: ndiwo mafilimu a mizukwa, a afiti ndi a anthu omwa magazi. Aphunzitsi ambiri amafunsa kuti, kodi tiwaletse ana athu? Tisanayankhe, tiyenera kuyamba tadziwa kuti filimu yoopsa nchiyani.

Mantha opangidwa ndi manja

Mafilimu otere sanayambe lero. M'chaka cha 1922 ku Germany, F. W. Murnau anatulutsa Nosferatu, nkhani ya womwa magazi yotengedwa m'buku la Dracula limene Bram Stoker analemba mu 1897. Filimuyo inalibe mau, koma anthu ananjenjemera poona chithunzithunzi cha munthu wa zala zazitali chikukwera makwerero. Mu 1960 Alfred Hitchcock anatulutsa Psycho. Gawo lake lotchuka, la mkazi wophedwa akusamba, nlalifupi ndithu, koma anatha pafupifupi sabata yathunthu akulijambula, ndipo magazi amene aoneka m'madzimo sanali magazi ai, koma manyuchi a chokoleti, pakuti filimuyo inalibe mitundu. Chimene chimabaya mtima wa woonera ndi kulira kwa mavayolini. Mu 1998 a ku Japan anatulutsa Ringu, nkhani ya tepi ya vidiyo imene aliyense woiona amafa patapita masiku 7, ndipo mzukwa wake ndi mtsikana chabe, tsitsi litaphimba nkhope.

Apa tiona kuti mmisiri wa filimu yoopsa ali ndi zipangizo zitatu: mdima, phokoso ndi kudikiritsa. Amabisa chinthu, natisiya ife tidzipangire tokha chirombo m'mutu mwathu. Woonera amene adziwa izi amakondwa kawiri, pakuti amamva mantha, kenaka nayamikira luso limene lamuopsa.

Ndiponso mantha osangalatsa si achilendo kwa ife. Agogo athu ankatisimbira nthano za afisi ndi zimphona usiku pamoto, ife nkumafendekera pafupi. Koma nthano inali ndi mau oyambira ndi mau otsekera, ndipo woisimba anali pomwepo kuti mwana amufunse. Ikatha, aliyense ankadziwa kuti yatha.

Pamene kanema afanana ndi kwathu

Bvuto limabwera pamene filimu ilankhula zimene mudzi umaopa kale. Mwana wa kwa Dambe kapena kwa Symon akaona nyumba yachifumu ya Dracula, amadziwa kuti nza kutali. Koma mafilimu a ku Nigeria amaonetsa midzi, misika ndi nkhope zonga zathu. Living in Bondage, ya mu 1992, imasimba za mwamuna amene anapereka mkazi wake nsembe kuti alemere, mzimu wa mkaziyo nkumamusautsa. Kwa ife imeneyo ndi nkhani ya kukhwima ndi ndondocha, imene timaimva kuyambira tiri ana. End of the Wicked, ya mu 1999, ya Helen Ukpabio, inaonetsa ana akusanduka afiti usiku, ndipo mabungwe oteteza ana anaidzudzula kuti inathandiza kufalitsa mchitidwe wonenera ana ufiti m'zigawo za Akwa Ibom ndi Cross River. Onjezani apo kuti mafilimu ambiri m'tinyumba tathu amaonetsedwa munthu atawamasulira m'Chichewa, kotero kuti mfiti ya pa kanema imalankhula ngati mnansi wathu.

Anthu a ku Neno adziwa bwino mtengo wa mantha osalamulirika. Mu January 2016, m'mudzi wa Chimbalanga kwa Dambe, mphezi inapha mtsikana, ndipo khamu la anthu linapha nkhalamba zinayi poziganizira kuti ndizo zinatuma mpheziyo. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka kufika ku Blantyre, ndipo anthu osalakwa anaphedwa. Sitikunena kuti kanema ndiye anachititsa zimenezi, chifukwa mantha a ufiti analipo kanema asanadze. Koma mwana amene saona kusiyana kwa sewero ndi umboni, akadzakula adzanena kuti, “Ndinaziona ndi maso anga,” ndipo mau amenewo ndi oopsa pa maliro pamene anthu akufunafuna womuloza chala.

Malamulo alipo. Lamulo la za ufiti la mu 1911 limati kunenera munthu ufiti ndi mlandu. Lamulo la mu 1968 linakhazikitsa bungwe la Censorship Board kuti lidziyamba laona mafilimu asanaonetsedwe kwa anthu. Koma filimu ya masiku ano imayenda m'thumba, pa foni kapena pa kamemore kadi, ndipo palibe ofesala amene angaime pa khomo liri lonse. Kuletsa kokha sikungakwanire, ndipo chinthu choletsedwa ndicho ana amachithamangira.

Nchito ya aphunzitsi ndi a Boma

Chimene chingathandize ndicho kuphunzitsa ana kuona. Mphunzitsi wa ana okulirapo angathe kuonetsa gawo limodzi loopsa, kenaka nkulibwereza atatseka mau, ndipo ana adzaona okha kuti theka la mantha lathawa. Awafunse kuti, filimuyi anaipanga ndani, chaka chanji, dziko liti, ndipo anafuna kupeza chiyani? Wojambula anaima pati? Awauze kuti amene anafa m'filimuyi adzaonekanso wamoyo m'filimu ina. Ndi nyali ndi nsalu yoyera, ana angapange okha chithunzithunzi cha chirombo ndi manja ao. Mwana amene waopsapo anzake ndi zala zake zomwe sanyengeka msanga. Pa phunziro la sayansi, nkhani ya mphezi ikambidwe momveka: kuti ndi magetsi a m'mitambo, ndipo imakonda mitengo yaitali ndi malo okwera, osasankha banja.

Ana aang'ono asaonetsedwe mafilimu otere konse. Apa ndipo mafumu, makomiti a sukulu ndi ogwira nchito za Boma ayenera kukhala pansi ndi eni ake a tinyumba ta vidiyo, kugwirizana kuti ana asalowe nthawi ya sukulu, ndi kuti mafilimu oopsa akhale a akuluakulu okha.

Wamkulu amene akonda mafilimu otere asachite manyazi. Aonere, adzidzimuke, aseke ndi anzake potuluka. Koma pobwerera kumudzi usiku umenewo, akakomana ndi gogo akuchokera kokaona wodwala, ampatse moni ndi kumuunikira njira.