Tsiku Limodzi ku Nkhotakota: Mbiri Imakoma Akaifotokoza Eni Ake

Ku Rotorua, m'dziko la New Zealand, kuli mudzi wotchedwa Whakarewarewa kumene anthu a mtundu wa Maori amalandira alendo. Woperekeza alendowo amakhala mbadwa ya m'mudzimo. Amawaonetsa nyumba ya misonkhano yosemedwa mwaluso ndi akasupe a madzi otentha omwe amaphikiramo chakudya, uku akufotokoza za makolo ake. Mlendo amachoka atamva mbiri kuchokera pakamwa pa mwini wake.

Ulendo wotere ndi wotheka kwathu kuno. Dera la Mfumu Malenga Chanzi ku Nkhotakota lili ndi malo okwanira tsiku lathunthu, ndipo ambiri ali pafupi ndi boma.

Yambirani kunyanja m'mawa. M'zaka za m'ma 1840 kunafika Salim bin Abdallah, wamalonda wa Chiswahili, yemwe anakhala Jumbe woyamba. Pagombeli ankakwezerapo akapolo ndi minyanga ya njovu m'ngalawa zamatanga kuwolokera tsidya lija. Kuchokera kumeneko anthuwo ankayenda wapansi mpaka ku Kilwa, m'mbali mwa nyanja ya mchere. Ambiri ankafera m'njira. Koma nthawi ya a Jumbe yomweyo inasiyanso Chisilamu ndi ulimi wa mpunga, zomwe Nkhotakota imadziwika nazo mpaka lero.

Kenaka pitani pa mtengo wa mkuyu womwe uli pafupi ndi chipatala cha St Anne's. Apa ndi pomwe anthu amakumbukira kukumana kwa David Livingstone ndi Jumbe mu 1863, pamene anamupempha kuti aleke kugulitsa anthu. Malondawo sanathe tsiku limenelo. Anapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1890, ulamuliro wa a Jumbe utatha. Chapafupi pomwepo pali tchalitchi cha Anglican cha All Saints, momwe muli manda a Bishopu Chauncy Maples amene anamira m'nyanja mu 1895.

Mukadya nkhomaliro ya kondowole kapena mpunga ndi nsomba, kaoneni akasupe a madzi otentha a Mawira. Funsaninso akuluakulu za msonkhano wa chipani cha Malawi Congress wa mu 1960, womwe unachitikira m'tauni yomweyi ndi kupatsa Dr Banda utsogoleri wa chipanicho wa moyo wake wonse.

Ntchito yovuta ili pa woperekeza. Mbiri ya ukapolo ndi chilonda. Zidzukulu za ogula, za ogulitsa ndi za ogulidwa zimakhala m'midzi imodzi, zakwatirana, ndipo zimaikana maliro. Wofotokoza mosasamala angadanitse Akhristu ndi Asilamu, pamene wobisa zoona anamiza ana. N'chifukwa chake ndi bwino kumva mbali zingapo: ya mfumu, ya akuluakulu a mzikiti ndi ya atsogoleri a tchalitchi. Mutu umodzi susenza denga.

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi nkhaniyi ikutikhudza kwambiri. Ana amaloweza za ukapolo kuti akhoze mayeso, ena mwa iwo akudutsa pa mkuyu uja tsiku ndi tsiku osadziwa tanthauzo lake. Mwana amene waima pagombe n'kuona kutalika kwa tsidya lija adzamvetsa chomwe chimachitika anthu akaiwala kuti aliyense analengedwa m'chifanizo cha Mulungu.

Pokonza ulendowu, yambani mwadziwitsa mfumu ndi oyang'anira malo. Sankhani tsiku la pakati pa mulungu, pakuti Lachisanu kuli mapemphero ku mzikiti, Loweruka ndi Sabata lathu, ndipo Lamulungu tchalitchi chimakhala chodzaza. Valani modzilemekeza, vulani nsapato polowa mu mzikiti, ndipo pemphani chilolezo musanajambule munthu. Pomaliza, pasonkhedwe kangachepe ka woperekeza. Wachinyamata wa kwa Malenga Chanzi akaona kuti mbiri ya kwawo ingamupatse chochita, adzakhala pansi ndi agogo ake n'kuifunsa iwo akadali moyo.