Ndulu ndi Ulendo Wake Pakati pa Ciwindi ndi Matumbo

Liu lakuti ndulu m'Cinyanja limachula zinthu ziwiri: kathumba kamene kamamatirira kunsi kwa ciwindi, ndiponso madzi owawa a m'kathumbamo. Munthu wotumbula nkhuku kapena mbuzi amacotsa kathumbaka mosamala nakataya, pakuti kakaphulika nyama iwawa. Mwina n'cifukwa cake ophunzira ambiri amayesa kuti ndulu ndi nyansi imene thupi lifuna kutaya. Ife tiona kuti mphunzitsi wofotokoza za thupi m'cinenero cathu ayenera kuyamba waongola ganizo limeneli.

Ndulu imapangidwa m'ciwindi, pafupifupi theka la lita kapena kuposerapo pa tsiku. Kathumba kaja kamangoisunga. Cakudya ca mafuta cikafika kumayambiriro kwa matumbo aang'ono, kathumbako kamafinyika ndipo ndulu imatsikira m'matumbo. Mmenemo micere ya m'ndulu, imene ciwindi cimapanga kucokera ku kolesterolo, imaphwanya mafuta kukhala timadontho, monga umo sopo acitira pa mbale yodyeramo nyama yonona.

Nchito ikatha, micereyo sitayika ai. Kumathero kwa matumbo aang'ono magawo 95 mwa magawo 100 alionse amayamwidwa, nalowa mumtsempha waukulu wotenga magazi kucoka kumatumbo kunka kuciwindi. Ciwindi cimaitola micereyo ndi kuibwezeranso m'ndulu. Thupi lonse lili ndi magalamu ngati 3 okha a micere imeneyi, koma imayenda ulendowu ka 6 mpaka ka 10 pa tsiku. Yocepa imene imatuluka ndi cimbudzi, ngati theka la galamu, ciwindi cimapanga ina m'malo mwake. Munthu akadulidwa cigawo comaliza ca matumbo aang'ono, micere yambiri imapitirira, ndipo amatsekula m'mimba.

Si micere yokha imene imayenda njirayi. Bilirubin, utoto wacikasu wocokera ku maselo ofiira a magazi amene atha masiku ao pafupifupi 120, amatsika ndi ndulu. Tizilombo ta m'matumbo timamusintha. Wambiri amapatsa cimbudzi mtundu wake, wina amabwerera kuciwindi, ndipo wocepa amatulukira mumkodzo. Njira ya ndulu ikatsekeka, maso amacita cikasu ndipo cimbudzi cimayezuka. Mankhwala ena, monga morphine, amabwereranso cimodzimodzi, motero amakhalitsa m'thupi.

Pofotokoza zonsezi ife timakonda mneni kuzungulira koposa kubwerera, pakuti kubwerera kungamveke ngati ulendo umodzi wokha.