KANEMA WA ZOONA NDI ZIMENE IYE SAONETSA

 Lero tikambe za kanema uja wosakhala wa nthano, amene pa Cingelezi amamucha documentary. Eni ace amati aonetsa zinthu monga ziliri: anthu eni-eni, minda yeni-yeni, midzi yodziwika maina. Ambiri tikaona kanema wotere timati, "Ndadzionera ndekha, cithunzi sicinama." Kunena zoona, makina ojambulira sangajambule ng'ombe pamene palibe ng'ombe. Koma makinawo ali ndi mwini, ndipo mwiniyo ndiye asankha kumene awalozetse. Zonse ziri kumbuyo kwace sizilowa m'cithunzi. Nkhani ya dziko la Chipata, limene kale linachedwa Fort Jameson, itithandiza kumvetsa zimenezi.

M'caka ca 1948 kunakhazikitsidwa bungwe lochedwa Central African Film Unit, lopangira akanema anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Likulu lace linali ku Salisbury, ndiko ku Harare lero. Mkulu wace anali Alan Izod, ndipo ena mwa ojambula anali Stephen Peet ndi Louis Nell. Akanema ao oyamba analibe mau. Galimoto ya Boma inali kufika pamudzi, nsaru yoyera nikungidwa pabwalo, ndipo kutada womasulira anali kufotokoza nkhani m'cinenero ca eni mudzi.

Ambiri a akanemawo anali ndi msoko umodzi: munthu wanzeru ndi munthu wopusa. Mmodzi wa oyamba anachedwa The Two Farmers, ndiko kuti alimi awiri. M'akanema a mtundu uwu mlimi wina amvera mlangizi wa Boma, aunda migula, athira manyowa, ndipo pomariza nkhokwe zace zadzala. Mnzace anyozera, akhalira mowa ndi tulo, nakolola njala. Migula iteteza nthaka ndithu, ndipo manyowa akometsa munda. Pamenepo palibe bodza. Bodza linabisala m'funso limene kanema sanafunse: nanga nthaka ya mlimi wosaukayo inaguga bwanji?

Munthu wa ku Fort Jameson anali kulidziwa yankho. Dziko lalikuru la kuno linali m'manja mwa kampani ya North Charterland. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 Angoni ndi Acewa ambiri anasamutsidwira m'malo opatulidwa ochedwa marizevu, kuti nthaka yotsala idikire alimi Acizungu. Azungu amene anabwera anali owerengeka, ambiri a iwo olima fodya, ndipo malo akuru anangokhala thengo. M'marizevu anthu anapanikizana. Kale munda ukatopa mwini anali kuugoneka zaka zingapo natsegula mphanje kwina. Tsopano kopita kunalibe. Munda womwewo unalimidwa caka ndi caka, mitengo inatha m'mapiri, madzi a mvula nakumba zigwembe. Boma lomwe linabvomereza kuti zinthu zaipa, pakuti m'caka ca 1941 linagula malo kwa kampaniyo niliyamba kubwezerako anthu. Tsono taganizani nkhalamba imene inaona zonsezi, itakhala pamphasa usiku, ndi kuuzidwa kuti njala ibwera ndi ulesi. Cithunzi ciri conse pa nsaru cinali coona, koma mlandu unagwera munthu wolakwika.

Inu a m'tauni munali ndi wanu kanema. Mu Mulenga Goes to Town mnyamata wa kumudzi atumidwa ku tauni kukagulitsa nkhuku, ndipo kumeneko aona zakuda nabwerera kwao manja ali m'khosi. Phunziro lace nlosabisika: khalani kumudzi, tauni si yanu. Koma msonkho unali kufuna ndalama, ndipo migodi inali kufuna manja. Anyamata a kum'mawa kuno anali kupita ku Walale ndi ku Migodi cifukwa ca zimenezo, ndipo za izo kanemayo anakhala cete.

Nanga openya anatani? Akuru a Boma a masiku aja anali kukhulupira kuti munthu wakuda ameza conse cimene aona pa nsaru. Cifukwa cace anaika bungwe loyamba lapenya akanema ndi kudula zigawo zimene linati nzosayenera anthu akuda. Koma mai wina wophunzira wa ku America, Hortense Powdermaker, anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, ndipo m'buku lace Copper Town la mu 1962 analemba zimene anthu anali kunena pa kanema wa pamgodi. Anthuwo sanali kupenya mwakacetecete ai. Anali kupfuula, kuseka, kutsutsana, ndi kulangiza anthu a pa nsaru. Amene anamkonda koposa ndiye kaubhoyi, ndipo ali yense wa iwo anali kumucha Jack. Zikafika nkhani za Boma anali kuziyesa ndi zimene anadziwa okha za nchito, malipiro ndi tsankho. Wopanga kanema anali kutumiza mau amodzi, omwe pabwalo anali kusanduka ena.

Cikaiko cinakula pamene Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinayamba mu 1953 anthu akuda atacikana. Bungwe lija linakhala m'manja mwa Boma la Citaganya, ndipo akanema ace a nkhani anacuruka kutama madamu, miseu ndi mafakitale. Ku Nyasaland, kungodumpha malire athu a ku Mchinji, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960 magalimoto a kanema anali kutsekerezedwa panjira. Pena anthu anaima kutsogolo kwa nsaru, pena atsogoleri a ndale anatenga cokuzira mau nalankhula okha. Apa pali cina cimene sitiyenera kucibisa: munthu akaleka kukhulupira mwini kanema, akana ndi zabwino zomwe. Malangizo a migula anadedwa pamodzi ndi Boma limene linawakakamiza, cinkana nthaka inali kukokoloka ndithu. Citaganya cinatha mu 1963, ndipo bungwelo linathera pomwepo.

Lero nsaru ija yalowa m'thumba. Kanema afika pa foni kudzera pa Facebook ndi WhatsApp, ndipo nchito ya womasulira uja aigwira ndi mau olembedwa pansi pa cithunzi. Kusankha sikunathe. Bungwe lopempha thandizo lijambula munda umene unapserera, wofuna kutama nchito zace ajambula munda wothiriridwa, ndipo minda yonse iwiri ingakhale m'mudzi umodzi. Mwezi wa February uli wonse makamera adzaza pa Mtenguleni pa mwambo wa Nc'wala, umene unaukitsidwa mu 1980 utazima kuyambira pa nkhondo ya mu 1898. Ojambula athamangira zikopa, nthenga ndi zibonga, pakuti ndizo zikondweretsa maso. Mlendo wa kutali wopenya kanemayo sadziwa kuti mwamuna wobvina ngoma uja Lolemba m'mawa abvala tayi nakaphunzitsa masamu ku sukulu ya m'Chipata.