Kupima kuchokera pati? Nkhani ya zipolopolo za .308

Ku America kuli anthu amene amapikisana kuwombera chandamale chili pa mtunda wa mayadi 100 mpaka 1,000, ndipo ambiri mwa iwo sagula zipolopolo zokonzeratu m'sitolo. Amalumikiza okha: chigoba cha brass, wonga mkati mwake, kenaka chipolopolo chenichenicho amachikankhira pakamwa pa chigobacho ndi makina apamanja. Nkhawa yawo yaikulu ndi yoti chipolopolo chilichonse chilowe mofanana ndendende ndi chinzake. Kuno kwathu si zoti munthu angayesere kunyumba ayi, ine ndikufuna physics yake basi.

Wonga ukapsa, mpweya wotentha umapanikizana kumbuyo kwa chipolopolo. Pa mfuti ya .308 Winchester, bungwe la SAAMI linaika malire a pressure pa psi 62,000, kuposa ka 4,000 pressure ya mpweya tikupumawu. Chipolopolo chikalowa kwambiri m'chigoba, malo a mpweya amachepa ndipo pressure imakwera, ganizo lomwe lija la Robert Boyle la mu 1662, ngakhale apa kutentha nakonso kukusintha. Chikatulukira kwambiri mpaka kugunda mizere yopotoka ya mkati mwa paipi ya mfuti, imene imachizungulitsa, pressure imakweranso, mwadzidzidzi, ndipo pamenepo pali ngozi. Ngakhale kusiyana kochepa kumasintha liwiro, chipolopolo n'kukagwera pena.

Ndiye mupima bwanji? Aliyense angayambe watenga vernier callipers n'kupima kuchokera pansi pa chigoba mpaka kunsonga. Pa .308 utali umenewu suyenera kupitirira mainchesi 2.810, omwe ndi mamilimita 71.37. Koma vuto lili kunsongako. Nsonga za zipolopolo, ngakhale za m'bokosi limodzi, sizifanana. Ina ndi yothwa, ina yaphwanyika pang'ono. Komanso makina aja sakankha pansonga, amagwira paphewa lopindika lija lotchedwa ogive, ndipo ndi phewa lomwelo limene limayamba kukhudza mizere ya m'paipi.

Taonani msampha wake. Munthu akupima zipolopolo khumi, akupeza manambala osiyana, ndiye akuyamba kusintha makina pa chilichonse kuti utali ufanane. Nsonga zafananadi, koma mapewa, omwe anali bwinobwino poyamba, tsopano asiyana. Wawononga ntchito akuganiza kuti akukonza, eti. Ngakhale atagula digital callipers yodula, imangomupatsa nambala yolondola ya chinthu cholakwika.

Odziwa amamangirira pa callipers kachitsulo kabowo kotchedwa comparator. Nsonga imalowa m'bowomo osakhudza kanthu, kachitsuloko n'kuima paphewa. Akatero amatha kufananitsa zipolopolo mpaka pa inchi 0.001, kapena kuti mamilimita 0.025, kuchepera tsitsi la m'mutu mwanu. Kwa ine apa ndiye pokoma pa nkhani yonseyi, chifukwa comparator ilibe nambala ngakhale imodzi, imangosankha poyambira kupima.

Pa miyeso yaying'ono chonchi, dzanja lanu nalonso limalowerera. Mukafinya callipers mwamphamvu nambala imatsika. N'chifukwa chake micrometer screw gauge ya mu labotale yathu ili ndi ratchet kumapeto kwake, kaja kamalira kuti te te te mukafika pa mphamvu yoyenera. Pa practical yotsatira, pimani waya umodzi kasanu ndi ratchet, kenaka kasanu popotokola thimble ndi zala zokha, mulembe manambala onse khumi muone mbali imene yabalalika.