KHUTU LIYAMBE, PAKAMWA PATSATIRE

Pa mwambo wa ubatizo wa ana wansembe amakhudza makutu ndi pakamwa pa khanda, potsata zimene Ambuye Yezu adachitira munthu wogontha ndi wachibwibwi uja wa pa Marko, mutu 7. Taonani kuti Ambuye adayambira kumakutu, lilime pambuyo. Ndi m'mene Mulungu adatilengera: mwana sangatchule bwino liwu limene khutu lake silidalisiyanitse ndi linzake.

Tamvetserani chinenero chathu chomwechi. Pakati pa "kola" ndi "khola", ngakhalenso "pala" ndi "phala", pali kampweya chabe. Ikani chikhatho pakamwa ndipo mukamva. "Mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika amalembedwa chimodzimodzi, koma liwu limakwera mosiyana. Akatswiri adapeza kuti khanda pokwanitsa chaka chimodzi limakhala litayamba kale kuzolowera kamvekedwe ka chinenero cha kwao, nkumaleka kusamala kusiyana kumene silikumva pakhomo. Nchifukwa chake ife, amene l ndi r sitiziwerengera kusiyana, timapunthwa pa Chingerezi, m'mene kupemphera ndi kusewera zimalekana pa malembo awiri omwewa. Alipo alaliki amene adaitanapo mpingo kuti usewere!

Tsono ntchito imeneyi njapakhomo, isadikire sukulu. Amayi, lankhulani ndi mwana ali kumbuyo, muimbireni. Madzulo, pa nthano ndi ndagi, mwana atsinzine, inu mutchule mawu awiri ofananako, iye anene ngati ndi amodzi kapena ai. Akalakwa musamseke, bwerezani liwulo molongosoka, akuyang'anani pakamwa.

Inu akatekisti, mlandu wanu ngwaukulu. Tikaloweza ana mapemphero mwachigulu ndi mothamanga, mwana amangotsata phokoso la anzake, nafika pa Ukaristia woyamba akutchula mawu opanda tanthauzo. Nenani pang'onopang'ono, muwamve mmodzimmodzi.

Koma mwana amene satembenuka poitanidwa, kapena amene amasokoneza mawu anzake atawadziwa kale, tisafulumire kumutcha wamwano. Mafinya a m'khutu, chikuku ndi matenda oumitsa khosi zimaononga makutu. Musathiremo mankhwala a zitsamba. Pitani naye kuchipatala msanga. Akapezeka kuti ngwogontha, ziliko sukulu za ana otere, monga ya ku Mua m'boma la Dedza ndi ya Mary View ku Chiradzulu, ndipo bambo mfumu wa parishi yanu angathe kukuthandizani kufunsa malo.