Madambo a Kafue tinawaona tili m'bwato

Ambiri a ife timangowoloka mlatho wa Kafue pa basi, maso ali pa amayi ogulitsa nsomba. Koma kumtunda kwa mlathowo, ulendo wa ola limodzi cabe kucokera mu Lusaka, kumayamba madambo aakulu amene amafika mpaka kufupi ndi Itezhi-Tezhi.

Tinalowamo m'mamawa ndi bwato la msodzi wina wacikulire. Lamulo lake linali lakuti tikhale pansi, tisaimirire, ndipo dzanja lisalowe m'madzi cifukwa ng'ona siicenjeza. Mvuu anazilambalala patali ndithu. Atangoleka kupalasa, bwato linayamba kuyenda lokha pakati pa mabango, ndipo mbalame zinatiiwala. Akakowa anali yeee m'mbali mwa madzi, atsekwe akudutsa pamwamba. Nkhwazi, yomwe ija ya pa mbendera yathu, inatsika ndi kunyamula nsomba ife tikupenya.

Cimene sitinaone ndi lechwe, mphoyo yokonda madzi imene mtundu wake wa ku Kafue supezeka m'chire lina lililonse. Kuti muione lero muyenera kupita ku Lochinvar, kufupi ndi Monze, kapena ku Blue Lagoon. Ca m'ma 1930 zinalipo pafupifupi 250,000. Pomwe anaziwerenga mu 2015 zinali zosakwana 30,000.

Opha nyama mobisa ali ndi mlandu wawo, koma nkhani yaikulu ndi madzi. Kale mtsinje unkasefukira m'dzinja ndi kuphwa m'cilimwe, kusiya msipu wobiriwira umene lechwe ndi ng'ombe za Aila ndi Atonga zimadyera pamodzi. Damu la Itezhi-Tezhi litamalizidwa mu 1977, madzi anayamba kutsatira zofuna za malaiti. Malo ena saumanso, ena safikiridwa ndi madzi, ndipo citsamba caminga cochedwa mimosa cinalanda msipu wambiri ku Lochinvar. Mlimi aliyense adziwa cimene cicitika ng'ombe zikacuruka pa msipu wocepa.

Malaiti tiwafuna, sitikana. Komanso madzi ambiri a m'mapompi a mu Lusaka acokera mu mtsinje womwewu, monganso othirira nzimbe za ku Nakambala.

Magulu a m'parishi amene asonkha ndalama za ulendo wa ana angaganizeko za Lochinvar. Nzika za Zambia zilipira zocepa pa geti kuposa alendo akunja. Pitani m'cilimwe, pakuti m'dzinja njira ya kumeneko ivuta, ndipo mwana asakwere bwato popanda covala coyandamitsa.